Kodi Adzawanenera Ndani?

Kuwerenga: Miyambo 31:1-9, Levitiko 19:14-16



Palibe mutu wa m'Baibulo umene ife azimai timaudziwa bwino koposa Miyambo 31. Timauwerenga pa zikwati, pa chilangizo cha atsikana, pa tsiku lovekedwa yunifomu, ndiponso pa maliro a mnzathu amene anatumikira mokhulupirika. Koma kawirikawiri timayambira pa vesi 10, pamene pali nkhani ya mkazi wangwiro. Lero ndikupemphani kuti tibwerere m'mbuyo pang'ono, tiime pa vesi 8 ndi 9, mavesi awiri amene timawalumpha.

Mau a m'mavesi amenewa ndi a mai. Vesi 1 itiuza kuti izi ndi zimene Mfumu Lemueli anaphunzitsidwa ndi amake. Mai ameneyu atachenjeza mwana wake za akazi ndi za mowa, anamulamula kuti asakhale chete pamene munthu wosatha kudzilankhulira akuponderezedwa, ndi kuti aziimira aumphawi pa milandu yao. Tsono chiphunzitso chonenera ofooka chinatuluka m'kamwa mwa mzimai. Ife amene timafuna kufanana ndi mkazi wa pa vesi 10 sitingathe kukana ntchito ya pa vesi 8.

1. Anthu amenewa ndi athu

Osatha kudzilankhulira sali kutali. Ndi mtsikana wogontha amene timakumana naye pa mpope. Ndi mnyamata wa khunyu amene anzake amamuthawa. Ndi agogo amene anafa ziwalo mbali imodzi chifukwa cha sitiroko, ndipo akugona m'kachipinda ka kuseri. Ndi namwali wa zaka 20 amene nzeru zake zinatsalira pa umwana. Ndi mai wodwala maganizo amene amayendayenda pa msika, timangoona ali ndi mimba, koma palibe wofunsa kuti mwini mimbayo ndani.

Kafukufuku wa anthu olemala amene anachitika m'Zambia muno mu 2015 anapeza kuti pa akuluakulu 100 alionse, pafupifupi 11 ali ndi chilema, ndipo pa ana 100 a zaka 2 mpaka 17, oposa 4 ndi olemala. Mwa chiwerengero chimenechi, pa akristu 300 tiyenera kupeza olemala pafupifupi 30. Ngati simuwaona m'tchalitchi pa Sabata, dziwani kuti ali m'nyumba. Kafukufuku wina amene bungwe la za umoyo la WHO linalengeza mu 2012 anaonetsa kuti mwana wolemala amachitiridwa nkhanza pafupifupi kanai kuposa mwana wosalemala.

Eklesia wathu sakuyamba lero kusamala anthu otere. Mishoni ya ku Magwero inayamba mu 1899, ndipo mu 1905 Mai Issie Hofmeyr anayamba kuphunzitsa osaona komweko. Imeneyo ndiyo inali sukulu yoyamba ya osaona m'dziko lino. Mai Ella Botes anapitiriza ntchitoyo, ndipo mu 1955 kunatsegulidwanso sukulu ya ogontha. Ntchito imeneyi inadzera m'manja mwa azimai. Kodi ife adzukulu ao tidzaisiya?

Makolo anati lungalunga mpobadwa, chilema chichita kudza. Ngozi ya pa mseu, shuga, kuthamanga kwa magazi, ukalamba, chilichonse mwa izi chingatigoneke mawa, n'kuyamba kusambitsidwa ndi kudyetsedwa ndi wina. Zimene tikunena pano zikukhudza ifenso.

2. Nkhanza zake zimaoneka bwanji?

Levitiko 19:14 imaletsa zinthu ziwiri: kutukwana munthu wogontha, ndi kuika chopunthwitsa pa njira ya wosaona. Taganizani bwino. Wogontha samva chitonzocho. Wosaona sadziwa amene anaika mwalawo. Wochita choipa amachichita chifukwa adziwa kuti sadzagwidwa. Ndicho chifukwa chake vesi imeneyi imatha ndi lamulo loopa Mulungu, pakuti pali Mboni imene imamva m'malo mwa wogontha ndi kuona m'malo mwa wosaona.

Mpaka lero mtima wa woipa sunasinthe. Amasankha mtsikana wosalankhula chifukwa sangatchule dzina. Amasankha wosayenda chifukwa sangathawe. Amasankha wodwala maganizo chifukwa akanena, anthu adzati ndi misala yake. Ndipo nthawi zambiri woipayo si mlendo iai. Ndi munthu wa pa nyumba pomwepo, kapena mnansi wodalirika amene amasiyiridwa makiyi.

Nkhanza yoyamba ndi ya pa thupi: kumenya, kutsina, kuotcha, kumanga munthu ndi chingwe kapena unyolo pa mtengo, kumutsekera m'nyumba tsiku lonse. Pamenepa tionjezerepo abale athu achialubino amene amasakidwa ndi anthu okhulupirira bodza lakuti ziwalo zao zimalemeretsa.

Yachiwiri ndi kugwirira, kapena kugona ndi munthu amene nzeru zake sizingathe kuvomera kapena kukana. Kumunyengerera ndi maswiti kapena kandalama sikuchepetsa mlanduwo.

Yachitatu ndi kunyalanyaza. Imeneyi ilibe phokoso, koma imapha. Munthu wogona amene satembenuzidwa amatuluka zilonda pa matako ndi pa zidendene, zilondazo zimaola n'kufika pa fupa. Mwana wa khunyu amene samutengera mankhwala ku kiliniki amagwera pa moto kapena m'chitsime. Wina amapatsidwa nsima anthu onse atadya, ngati yatsala. Wina wakwanitsa zaka 12 koma sanapondepo pa sukulu, chifukwa banja lichita naye manyazi.

Yachinai ndi kulanda chuma. Boma limapereka ndalama za Social Cash Transfer, ndipo nyumba yokhala ndi munthu wolemala kwambiri imalandira zochulukirapo kuposa nyumba zina. Koma kangati ndalamazo zimathera ku mowa, mwini wake alibe ngakhale sopo kapena bulangeti? Kangati makolo akamwalira, abale amagawana nyumba ndi munda n'kumusiya wolemala pa bwalo? Lamulo la 1989 la chuma cha masiye limapatsa ana gawo lao, ndipo silichotsa mwana chifukwa cha chilema.

Baibulo lili ndi nkhani yofanana nayo. Mefiboseti, mwana wa Yonatani, analemala miyendo yonse ali ndi zaka 5, pamene mlezi wake anamugwetsa pothawa. Davide anamubwezera minda ya Sauli, naika Ziba kuti aziilima. Koma werengani 2 Samueli 16 ndi 19. Pamene Davide anathawa Abisalomu, Ziba anafika kwa mfumu ndi abulu ndi zakudya, nanena kuti mbuye wake watsala ku Yerusalemu poyembekeza ufumu. Davide, osamva mbali inayo, anapatsa Ziba zonse. Patapita nthawi Mefiboseti anafotokoza kuti anafuna kukwera bulu kuti atsate mfumu, koma mnyamata wake anamunyenga ndi kumunamizira. Mwaona zimene zinachitika? Wamiyendo anafika msanga kwa mfumu, ndipo mau ake ndiwo anamveka poyamba. Chimodzimodzi masiku ano: wosamalira ndiye amatilandira pa khomo, ndiye amatifotokozera zonse, ndipo ife timabwerera osaonana ndi mwini nkhani.

Chifukwa chake phunzirani kuona zizindikiro. Mabala kapena mikwingwirima imene ilibe chifukwa chomveka. Zipsera za chingwe pa mikono ndi m'miyendo. Kuonda pamene ena pa nyumbapo ali bwino. Fungo la mkodzo wa masiku ambiri. Kuvutika poyenda kapena pokhala pansi. Mwana amene anali wosangalala koma tsopano amanjenjemera akaona munthu wina wake, kapena wayambanso kukodza pogona. Wosamalira amene safuna kuti mukhale nokha ndi wodwala. Chizindikiro chimodzi si umboni wokwanira, koma ndi chifukwa chokwanira choti mufunse.

3. Zimene zimatitseka pakamwa

Ambiri a ife si ouma mtima. Timaona, mtima umapweteka, koma timakhala chete. Tiyeni tiyese zifukwa zathu ndi Mau a Mulungu.

Choyamba timati, "Sindifuna kutchedwa wamiseche." Werengani Levitiko 19:16. Vesi imodzi yomweyo imaletsa kuyendayenda ndi miseche, ndipo imaletsanso kungoima chabe pamene moyo wa mnzako uli pa ngozi. Mulungu anaika malamulo awiriwa pamodzi kuti tisabisale kuseri kwa limodzi pothawa linzake. Miseche imapita kwa munthu amene sangathandize, kuti nkhani ikome. Kuneneza kumapita kwa munthu amene ali ndi mphamvu yopulumutsa. Chomvetsa chisoni n'chakuti ife timachita zosemphana. Komboni yonse imadziwa, ku chigayo akudziwa, pa maliro akunong'onezana, koma a polisi ndi a chipatala sadziwa kanthu. Levitiko 5:1 imati mboni imene inaona kapena kudziwa, koma n'kukana kunena pamene umboni ukufunika, imasenza tchimo.

Chachiwiri timati, "Ndi za m'banja, azitha okha." Banja la Davide linayesa njira imeneyi. Pa 2 Samueli 13, Amnoni atagwirira mlongo wake Tamara, Abisalomu anauza Tamara kuti akhale chete popeza wolakwayo ndi mbale. Davide anamva, anakwiya kwambiri, koma sitiwerenga kuti anachitapo kanthu. Tamara anakhala wosweka mtima m'nyumba ya mlongo wake, ndipo patapita zaka ziwiri Abisalomu anapha Amnoni. Kubisa sikunasunge banjalo. Kunalipasula.

Kwathu kuno kutha nkhani m'banja kumatanthauza mbuzi, ng'ombe kapena makwacha. Akulu amalandira, amagawana, wolakwa amabwerera kwao, ndipo mtsikana amatsala ndi matenda, mimba ndi mantha. Mawa munthu yemweyo adzapita kwa mwana wina, pakuti waphunzira mtengo wake. Dziwani kuti malamulo a dziko lino amati wogona ndi mwana wosafika zaka 16 amangidwe zaka zosachepera 15. Kugona ndi munthu amene ukudziwa kuti nzeru zake sizingathe kuvomera ndi mlandunso waukulu. Milandu yotere si ya pa bwalo la banja kapena la mfumu ya mudzi. Ndi ya boma.

Chachitatu timati, "Ndife akristu, tikambirane mu mpingo, tikhululukirane." Ena amatchula 1 Akorinto 6, pamene Paulo adzudzula abale otengerana ku makhoti. Koma Paulo pamenepo akunena za mikangano ya tsiku ndi tsiku ya pakati pa abale. Paulo yemweyo pa Aroma 13 aphunzitsa kuti olamulira anaikidwa ndi Mulungu kuti alange ochita zoipa. Bwalo la akulu a mpingo lili ndi ntchito yake yolanga ndi kubweza wochimwa. Boma lili ndi ntchito yake yofufuza, kuweruza ndi kuteteza. Ntchito imodzi silowa m'malo mwa inzake. Wachifwamba amene analapa pa mtanda analandira chikhululukiro cha Yesu, komabe anavomera yekha kuti chilango chake chinali choyenera. Kulapa koona sikuthawa mlandu. Ndiponso si bwino kukakamiza wovulazidwa kuti akhululuke lero lomwe, pamene bala lake likadachucha magazi.

Nanga wolakwayo akakhala mkulu wa mpingo, mtsogoleri wa kwaya, mphunzitsi, kapena mwamuna wa mnzathu wa m'Chigwirizano? Pamenepa m'pamene timati tisunge dzina la mpingo. Kumbukirani Eli. Anadziwa zimene ana ake anali kuchita pa nyumba ya Mulungu, anawadzudzula ndi mau chabe osawaletsa, ndipo chiweruzo chinagwera nyumba yake yonse. Dzina la Kristu limanyozeka pamene dziko lizindikira kuti akristu anadziwa koma anabisa.

Chachinai timati, "Akamangidwa, banjali lidzadya chiani?" Ili ndi funso lolemera, tisalipeputse. Akulu anati khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Mai amene mwamuna wake ndiye amalipira lendi amaopa kuswa mkhate. Koma kodi nsima ya banja lonse igulidwe ndi thupi la mwana wofooka koposa onse? Yankho la funso limeneli lili m'manja mwathu. Ngati tiuza mai kuti akaneneze, tiyenera kukhala okonzeka kumutengera thini ya chimanga, kumuthandiza ka bizinesi, ndi kumuperekeza ku ofesi ya Social Welfare. Tikapanda kutero, mau athu adzakhala katundu amene tamusenzetsa yekha.

Chachisanu timati, "Nanga ndikakhala kuti ndalakwitsa?" Inu simuli woweruza. Ntchito yanu ndi kunena zoona zimene mwaona ndi kumva, osaonjezera, osachotsera. Kufufuza ndi kwa amene anaphunzira ntchitoyo. Katekisma wa Heidelberg, pa Sabata 40, pofotokoza lamulo loletsa kupha, aphunzitsa kuti sikokwanira kungoleka kupha, koma tiyeneranso kutchinjiriza mnzathu ku choipa monga momwe tingathere. Tsono munthu angathe kuswa lamulo lachisanu ndi chimodzi ali chikhalire pa mphasa, manja ali pa miyendo.

4. Tikaona kapena kumva, tichite chiani?

Choyamba, mverani mwini wake. Bartimeyo atafuula, anthu ambiri anamuzazira kuti akhale chete. Yesu anaima, namuitanitsa, namufunsa chimene anafuna kuti amuchitire. Chitani chimodzimodzi. Khalani pansi pamalo pa nokha, funsani mafunso afupi, ndipo musamuikire mau m'kamwa. Wosalankhula angathe kuloza, kujambula kapena kulemba. Kwa wogontha funani womasulira chinenero cha manja amene si wa pa nyumba ya woganiziridwayo. Muuzeni kuti mwamukhulupirira ndi kuti iye sanalakwe. Musalonjeze kuti simudzauza munthu aliyense. Lonjezani kuti mudzauza okhawo amene angathandize. Ngati ndi wamkulu wa nzeru zake zonse, kambiranani naye njira yotsata ndi kumuperekeza, pakuti chilema cha miyendo kapena maso sichichotsa ufulu wa munthu wosankha. Koma akakhala mwana, kapena wosatha kusankha yekha, kapena moyo uli pa ngozi, nenezani ngakhale banja likane.

Chachiwiri, musayambe ndi kukafunsa woganiziridwayo. Mukatero adzaopseza wovulazidwa, adzabisa umboni, kapena adzathawa. Yambani ndi kuonetsetsa kuti wovulazidwayo sagonanso pamalo pamene woipayo angamufikire.

Chachitatu, ngati wagwiriridwa, thamangirani ku chipatala tsiku lomwelo. Mankhwala oteteza ku HIV, otchedwa PEP, ayenera kuyambidwa maola 72 asanathe, ndiwo masiku atatu, ndipo amamwedwa masiku 28. Kuyamba msanga ndiko kwabwino koposa. Alikonso mankhwala oteteza ku mimba ndi ku matenda ena opatsirana. Ngati kuli kotheka, asasambe asanaonedwe ndi adokotala, ndipo zovala zimene anavala musazichape. Zikulungeni m'pepala, osati m'pulasitiki. Taonani, masiku atatu amene banja limataya poitana amalume ndi ankhoswe ndi omwewo amene akadapulumutsa mwana ku kachilombo. M'zipatala zambiri za maboma muli One Stop Centre, kumene a chipatala, a polisi ndi alangizi amathandiza pamalo amodzi. Ngakhale masiku atatu atapita, pitanibe, pakuti thandizo lina likadalipo.

Chachinai, kanenezeni ku polisi, ndipo funsani a Victim Support Unit, nthambi yoona za nkhanza kwa ana, azimai ndi okalamba. Lamulo la 2011 loletsa nkhanza za pakati pa amuna ndi akazi limalola munthu wina amene akudziwa za nkhanzazo kukadandaula m'malo mwa wovulazidwa, ndipo khoti lingathe kulamula wankhanza kuti asamuyandikirenso. Za kunyalanyazidwa, kutsekeredwa m'nyumba, kapena kudyeredwa ndalama za boma, pitani ku ofesi ya Social Welfare pa boma lanu. Ana amatetezedwanso ndi lamulo la ana la 2022, ndipo anthu olemala onse ali ndi lamulo lao la 2012, limene limayendetsedwa ndi bungwe la boma la Zambia Agency for Persons with Disabilities. Ngati muli kutali, kapena mukuopa kuonekera, imbani foni pa 116 za ana, kapena 933 za nkhanza kwa akuluakulu. Manambala amenewa ndi aulere. Ngati ndi mwana wa sukulu, dziwitsaninso a hedi kapena mphunzitsi wolangiza ana. Ife aphunzitsi timakhala ndi ana maola ambiri, ndipo nthawi zina ndife oyamba kuona kuti mwana wasintha.

Chachisanu, lembani. Tsiku, nthawi, malo, zimene munaona ndi maso anu, ndi mau enieni amene wovulazidwa ananena. Lembaninso dzina la wa polisi amene wakulandirani ndi tsiku limene mwapita. Mlandu ungathe kutenga miyezi, ndipo mutu umaiwala.

Chachisanu ndi chimodzi, pitani awiri, ndipo musaleke pa ulendo woyamba. Mwina mudzapeza munthu amene adzati, "Wosalankhula angapereke bwanji umboni?" kapena "Kakambiraneni kunyumba." Musakwiye, musabwererenso. Pemphani mwaulemu kuonana ndi mkulu wa pa ofesiyo. Kumbukirani mkazi wamasiye wa pa Luka 18 amene anabwerera kwa woweruza kufikira anamuweruzira mlandu wake. Abale a wolakwa akabwera usiku ndi ndalama kuti mlandu uchotsedwe, limbitsani banjalo kuti likane.

Chachisanu ndi chiwiri, sungani ulemu wa wovulazidwa. Musaike chithunzi chake pa WhatsApp kapena pa Facebook. Musatchule dzina lake pa mapemphero a gulu. Ngakhale kupempherera munthu kungasanduke miseche. Dziwitsani abusa mwachinsinsi kuti asamale banjalo, koma kuuza abusa sikulowa m'malo mwa kupita ku chipatala ndi ku polisi.

5. Mai wotopa nayenso afuna thandizo

Pali chinthu chimodzi chimene tiyenera kuchinena mwachifundo. Si onse otsekera mwana m'nyumba amene ali ankhanza. Alipo amai amene mwamuna anawathawa tsiku limene mwana anabadwa wolemala, achibale nawanena kuti analodzedwa kapena anachimwa. Yesu anakana maganizo otere pa Yohane 9, pamene ophunzira anafunsa kuti anachimwa ndani kuti munthu abadwe wosaona. Mai wotere amanyamula mwana wa zaka 10 kumsana, sagona usiku, ndipo m'mawa ayenera kukagulitsa tomato kuti apeze ndiwo. Amakhoma chitseko chifukwa alibe womusiyira. Mwanayo ali pa ngozi ndithu, moto ungabuke, woipa angalowe. Koma mai ameneyu tikangomuloza chala, tamuonjezera katundu. Mutu umodzi susenza denga. Kupita naye ku Social Welfare ndi kumufunira thandizo, ndipo tiyenera kumufotokozera chomwecho.

Pamenepa Chigwirizano chili ndi mphamvu imene boma lilibe, chifukwa ife timalowa m'nyumba. Dera lililonse lidziwe nyumba zimene muli anthu olemala. Tigawane masiku, kuti mai wotopa apeze maola awiri kapena atatu opita ku msika kapena kugona. Poyendera odwala tisathere pa khonde. Tipemphe kulowa, timupatse moni mwini wake pomutchula dzina, timugwire dzanja, tione pogona pake. Tiphunzitse kuti khunyu sipatsirana ndi kuti mankhwala ake alipo ku chipatala. Tipempherere odwala maganizo, koma tisalole kuti aletsedwe mankhwala kapena amangidwe ndi unyolo m'dzina la mapemphero. Alangizi asadumphe atsikana olemala. Iwonso amakula, ndipo ayenera kudziwa kuti thupi lao ndi lao, kuti pali malo amene munthu sayenera kuwagwira, ndi kuti pali mai wakuti amene angamuuze. Ndipo tiwabweretse ku tchalitchi. Munthu amene mpingo wonse umamudziwa dzina, amene akasowa Sabata limodzi anthu amafunsa, woipa amamuopa.

Kumaliza

Amai anzanga, mkazi wa pa Miyambo 31 amatamandidwa chifukwa cha manja ake otambasukira aumphawi pa vesi 20, ndiponso chifukwa cha pakamwa pake polankhula zanzeru pa vesi 26. Manja tili nao, ndipo Chigwirizano chimadziwika ndi ntchito za manja. Timaphika pa maliro, timachapira odwala, timasonkha sopo ndi mchere. Chimene Mulungu akufunsa lero ndi pakamwa pathu.

Ifenso tinali osatha kudzinenera pamaso pa Mulungu. Tinalibe mau odzitetezera. Koma kalata yoyamba ya Yohane, mutu 2, itiuza kuti tili ndi Nkhoswe kwa Atate, Yesu Kristu, amene amatinenera kufikira lero. Iye sanayese mlandu wathu kuti ndi wa eni ake, ndipo kutinenera kunamutengera moyo. Ifenso kunenera ena kudzatitayitsa kanthu. Mwina mnansi adzaleka kutipatsa moni, mwina achibale adzatitcha opasula banja. Koma pa Mateyu 25 Ambuye ananena kuti chimene tachitira wamng'ono mwa abale ake tachitira Iye mwini, ndipo chimene sitinamuchitire tamumana Iye.

Mwina pamene mukuwerenga, nkhope ya munthu wina yabwera m'maganizo mwanu. Mukudziwa nyumba yake, mukudziwa zimene munaona. Musayembekeze msonkhano wa mwezi wa mawa. Funani mnzanu mmodzi wokhulupirika, mupemphere pamodzi, ndipo sabata ino mupite.

Mafunso okambirana pa Chigwirizano

1. Kodi m'dera lathu muli nyumba zingati za anthu olemala, ndipo tinawaona liti ndi maso athu?

2. Pa zifukwa zisanu zotitseka pakamwa, ndi chiti chimene chili champhamvu pakati pathu?

3. Kodi polisi, chipatala ndi ofesi ya Social Welfare zapafupi ndi ife zili kuti, ndipo ndani awiri amene angaperekeze wovulazidwa ngakhale usiku?

Pemphero

Atate wathu wa Kumwamba, Inu mumamva kulira kwa amene alibe mau, ndipo mumaona zochitika kuseri kwa zitseko. Tetezani ana anu olemala, chiritsani ovulazidwa, limbitsani amai otopa, ndipo bwezani ochita zoipa kuti alape moona. Patsani nzeru ndi chilungamo kwa a polisi, a chipatala ndi oweruza. Chotsani mantha m'mitima yathu, kuti tinene zoona pa nthawi yake ndi kwa anthu oyenera. M'dzina la Yesu Kristu, Nkhoswe yathu. Amen.